Filimu ya ngwazi yomwe inatisiyira ngongole: zomwe zinachitika mu holo yathu mu Novembala 2023

Ndimayang'anira holo yaing'ono yoonetsera mafilimu mu Lilongwe. Si yanga. Eni ake ndi bambo wina wamalonda yemwe alinso ndi mabizinesi ena m'tauni muno, ndipo ine ndi amene ndimasankha mafilimu, kukambirana ndi kampani yomwe imatitumizira, kukonza nthawi zoonetsera ndi kuwerengera ndalama za pakhomo usiku uliwonse. Anzanga a ntchito ngati yangayi, ena a ku Blantyre, ena amene amaonetsa mafilimu m'maholo obwereka, akhala akundifunsa chimene chinatichitikira ndi filimu ya The Marvels. Kwa nthawi yaitali ndinkayankha kuti vuto linali kugwa kwa kwacha. Yankho limenelo linali ndi choonadi chake, koma silinali lathunthu, ndipo ndinkalikonda chifukwa linkandichotsera mlandu. Pano ndikufuna ndifotokoze nkhani yonse mmene inayendera.

Poyamba ndifotokoze mmene filimu yatsopano imatifikira, chifukwa vuto lathu linabisala mmenemo. Sitigula filimu ngati mmene munthu amagulira thumba la chimanga n'kukhala lake. Kampani yogawa mafilimu, yomwe ili kunja kwa dziko lino, imatitumizira filimu pa hard drive, yotsekedwa, kenako imatumiza kiyi wa pakompyuta yemwe amaitsegula kwa masiku okhawo amene tagwirizana. Masikuwo akatha, filimu imadzitsekanso yokha. Pa tikiti iliyonse yomwe tagulitsa, gawo lalikulu m'sabata yoyamba limapita kwa iwo, ndipo ife phindu lathu lenileni limachokera ku mbuliuli ndi zoziziritsa kukhosi. Kwa holo yaing'ono ngati yathu pamakhalanso ndalama ina yomwe timalonjeza kulipira kaya anthu abwere kaya asabwere, ndipo imeneyo imalembedwa m'madola. Pamwamba pa izi pali chilolezo cha ku Censorship Board, malipiro a antchito, ndi dizilo wa jenereta magetsi akathima. Holo ikadzaza, zonsezi sizimveka kulemera. Ikapanda kudzaza, chilichonse chimafuna chake.

Chifukwa chimene ndinasainira mgwirizano wa filimuyi mosakayika chinali Novembala wa chaka chapitacho. Mu 2022 tinaonetsa Black Panther: Wakanda Forever, ndipo ndinali ndisanaonepo zotere. Anthu anabwera atatchena zitenje ndi malaya a chikhalidwe, mabanja athunthu, ena ochokera ku Area 25, ena ku Likuni, ena atayenda kuchokera ku Salima. Tinabweza anthu pakhomo. Amayi ena analira poona mmene filimuyo inalemekezera Chadwick Boseman, yemwe ankasewera Black Panther ndipo anamwalira mu Ogasiti 2020. Kuchokera pamenepo m'mutu mwanga munakhazikika ganizo loti dzina la Marvel, kampani yopanga mafilimu a ngwaziwa, lili ngati mvula ya Disembala, siilephera. Manambala akunja ankandivomereza: Captain Marvel, filimu yoyamba ya ngwazi yaikulu ya mu The Marvels, inapeza madola opitirira 1.1 biliyoni mu 2019, ndipo Avengers: Endgame chaka chomwecho inafika pafupifupi 2.8 biliyoni.

Zizindikiro zoti zinthu zasintha zinalipo chaka chonse cha 2023, ndipo ndinaziona. Mu Febuluwale, Ant-Man and the Wasp: Quantumania inayamba bwino ku America koma sabata yachiwiri inagwa ndi pafupifupi 70 peresenti. Shazam! Fury of the Gods inalephera mu Malichi, The Flash mu Juni, Blue Beetle mu Ogasiti. Chilichonse ndinkachipezera chifukwa. Zitatu zomalizazo ndi za DC, kampani yopikisana ndi Marvel, ndinkatero, ndipo anthu ankadziwa kale kuti James Gunn ndi Peter Safran, atsogoleri atsopano a mafilimu a DC, akuyambanso nkhani zonse mwatsopano, ndiye ndani angalipire kukaona nkhani yomwe ikuthetsedwa? Komanso mu Meyi Guardians of the Galaxy Vol. 3 inachita bwino, madola opitirira 800 miliyoni. Ndinagwira chitsanzo chimodzi chondikomeracho n'kutaya zinayi zondichenjeza. Ndinavomera masabata awiri, ndinapereka nthawi zonse za madzulo kwa filimu imodziyi, ndipo ndinavomera ndalama yolonjeza yokwera kuposa ya chaka chapitacho. Abwana anandifunsa kamodzi kokha kuti, "Mwatsimikiza?" Ndinati ndatsimikiza.

Chizindikiro choyamba

Timatsegula malonda a matikiti masiku angapo filimu isanayambe, anthu n'kumalipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Nthawi ya Wakanda Forever foni ya pakauntala inkalira mpaka batire kutha. Ulendo uno inali zii. Mtsikana yemwe amagulitsa matikiti anandiuza Lachiwiri kuti mauthenga alowa ochepa kwambiri, ine n'kumuyankha kuti Amalawi timagula zinthu pa tsiku lomaliza. Mawa lake anabweranso, ndipo zomwe ananena ndi zimene ndimayenera kuzimvetsera.

"Abwana, anthu akuima pachikwangwanipo, koma funso lawo ndi limodzi. Akumati wapakatiyo tikumudziwa, nanga awiriwa ndi ndani?"

Ndinatuluka kukaima naye pakhomo. Pasanapite nthawi anafika mnyamata wina wa sekondale, yunifolomu ili m'thupi, chikwama kumsana, ndi mnzake. Ndimamudziwa, ndi mmodzi wa ana amene amasunga ndalama ya mandasi kuti adzaonere filimu. Anayang'ana chikwangwanicho nthawi yaitali, analoza mtsikana wamng'ono wa kumanzere n'kufunsa mnzake ngati anamuonapo. Mnzakeyo anapukusa mutu. Kenako anatembenukira kwa ine: "Ankolo, Spider-Man alimo?" Nditati mulibe, anafunsa za Thor. Nditati mulibenso, anati, "Tidzaonera pa fulashi," n'kumapita.

Mwana ameneyu anandiuza zonse m'mawu atatu, koma ndinamvetsa patapita sabata. The Marvels ndi filimu ya nambala 33 pa mndandanda wa mafilimu a Marvel olumikizana. Ngwazi zake ndi zitatu. Carol Danvers, yemwe ndiye Captain Marvel ndipo amaseweredwa ndi Brie Larson, anthu anamuona mu 2019. Koma Monica Rambeau wamkulu anaonekera mu WandaVision mu 2021, ndipo Kamala Khan anaonekera mu Ms. Marvel mu 2022, ndipo ziwiri zonsezi si mafilimu a mu holo, ndi masewero a zigawozigawo a pa Disney+, njira yolipira yoonera mafilimu pa intaneti. Makasitomala athu ambiri alibe Disney+. Ngakhale ikanakhalapo, ndi angati angagule bandulo yoonera zigawo zonsezo? Tinkagulitsa mutu wachitatu wa buku kwa anthu amene sanapatsidwe mutu wachiwiri. Ku America vutoli linalipo ndithu, anthu ankadandaula kuti kuonera Marvel kwasanduka homuweki, koma kuno linali lalikulu kawiri.

Panalinso china chomwe ndinachizindikira mochedwa. Ife tilibe ndalama yotsatsira pa wailesi ya kanema. Kutsatsa kwathu ndi timavidiyo timene achinyamata amatumizirana pa WhatsApp, TikTok ndi Facebook: wosewera akuseka pofunsidwa mafunso, zovala za tsiku lokhazikitsa filimu, nthabwala za pakati pa osewera. Ife timangokwera pa funde limenelo. Chaka chimenecho funde kunalibe. Osewera a ku Hollywood anali pa sitiraka kuyambira pa 14 Julaye, ndipo malamulo a bungwe lawo la SAG-AFTRA sankawalola kutsatsa mafilimu. Sitirakayo inatha pa 9 Novembala, kutatsala tsiku limodzi kuti filimu ituluke. Iman Vellani, mtsikana amene amasewera Kamala, yemwe ndi mtima weniweni wa filimuyi, sanapeze mpata wodzionetsa kwa dziko. Ndinkaona kuti mafoni ali chete, koma sindinadzifunse kuti ngati akunja sakutsatsa, ndani atsatse m'malo mwawo.

Sabata yoyamba

Lachinayi pa 9 Novembala, tsiku lomwe sitiraka inatha, Banki Yaikulu ya Reserve inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Dola yomwe inali pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Mawa lake, tsiku lathu lotsegulira, mafuta anakwera, petulo kufika pa K2,530 pa lita. Amene anali mu Lilongwe sabata imeneyo akukumbukira. Mitengo ya minibasi inasintha m'mawa womwewo, akabaza anakweza, m'mashopu ena anayamba kuchotsa mitengo pa katundu kuti alembe yatsopano, ndipo nkhani paliponse inali ya shuga, mafuta ophikira ndi feteleza, pakuti mvula inali pafupi. Unalinso mwezi pakati, malipiro atatha kale m'matumba.

Madzulo a Lachisanu ndinaima kumbuyo kwa holo filimu itayamba. Mizere itatu ya kutsogolo inali yopanda munthu. Pakati panali timagulu ta anthu awiriawiri, atatuatatu, motalikirana, moti munthu akaseka, kuseka kwake kunkamveka kokha n'kuzimirira. Amene sagwira ntchitoyi sadziwa kuti holo yopanda anthu imaononga filimu. Nthabwala yomwe ikanagwedeza holo yodzaza imafera m'malere, ndipo oonerawo amatuluka akuganiza kuti filimuyo ndi yozizira. Mphika wa mbuliuli womwe tinakazinga poyembekezera khamu unatsala wodzaza kupitirira theka, ndipo tinagawira alonda. Magetsi anathima chapakati, jenereta n'kuyamba kumwa dizilo wa mtengo watsopano.

Loweruka kunabwera anthu ochulukirapo pang'ono. Lamulungu madzulo kunali koipa kuposa masiku onse. Nditatseka ndinadutsa pa malo ena omwera ku Area 47, ndipo kunalibe poimika galimoto. Inali tsiku lomwe Chelsea ndi Manchester City analepherana 4-4. Anthu anali thithithi, mabotolo ali pa matebulo, nyama ikuotchedwa panja. Ndinakhala m'galimoto kwa kanthawi ndikuyang'ana. Awa anali anthu omwewo amene ndinkati kwacha yawatsekera m'nyumba. Ambiri mwa iwo ndimawadziwa nkhope, ndi makasitomala athu. Ndalama yosangalalira inachepa ndithu, koma inalipo, ndipo anasankha kukaigwiritsa ntchito pa chinthu chomwe ankadziwa osewera ake onse ndi maina, chomwe sakanatha kuchionera mawa pa fulashi chikadali chokoma. Apa ndi pamene ganizo langa la kwacha linayamba kung'aluka, ngakhale ndinapitiriza kulinena pakamwa.

Zomwe tinasankha kuchita

Lolemba m'mawa tinakhala pansi ndi abwana. Iwo ankafuna tidule mtengo wa tikiti ndi theka pompopompo. Ine ndinakana, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, mgwirizano sunkatilola kutsitsa mtengo mmene tafunira popanda kuuza eni filimu, chifukwa gawo lawo limachokera pa mtengowo. Chachiwiri, sindinkakhulupirira kuti mtengo ndiwo unali vuto lalikulu. Munthu wochokera ku Kawale kapena ku Area 49 amalipira minibasi kawiri, mwina ndi kabaza usiku, asanagule n'komwe tikiti. Kumudulira tikiti sikumuchotsera zonsezo. Ndipo mtengo ukatsika kamodzi chifukwa cha mantha, anthu amaphunzira kudikira kuti udzatsikenso. Tinagwirizana zapakati: Lachiwiri ndi Lachitatu munthu akagula tikiti imodzi, mnzake alowe pa theka. Kampani yogawa inavomera. Zotsatira zake zinali zochepa. Amene anabwera ndi omwe akanabwerabe, kungoti analipira zochepa.

Chinthu chanzeru chomwe tinachita sabata imeneyo sichinatidyere ndalama. Ndinauza mtsikana wa matikiti ndi mnyamata woyendetsa pulojekita kuti aime pakhomo anthu akamatuluka, azicheza nawo, kenako azilemba m'kope zomwe amva. Osati mafunso a pa fomu, kucheza chabe. Masiku atatu okha kopelo linatiphunzitsa zambiri kuposa malipoti onse a pa intaneti.

Ambiri sanadane nayo filimuyo. Anati ndi yaifupi, ndipo ndi zoona, ndi ya mphindi 105, yaifupi kuposa mafilimu onse a Marvel a m'mbuyo mwake. Anakonda ganizo loti atatuwa amasinthana malo akagwiritsa ntchito mphamvu zawo, ndipo anakonda banja la Kamala, makolo ake ndi mchimwene wake, chifukwa anati likufanana ndi mabanja athu. Koma pafupifupi aliyense anati mphindi zoyambirira anasokonezeka, osadziwa kuti ndani ndi ndani ndipo akwiyirana chiyani. Bambo wina anauza mnyamata wathu kuti, "Achimwene, zili ngati ndafika pa maliro a anthu osawadziwa, aliyense akulira koma ine sindikudziwa womwalirayo." Ena sanamvetse chigawo cha dziko lomwe anthu ake amalankhula poimba. Ndipo pa funso loti kodi mukauza anzanu kuti abwere, yankho lofala linali loti, "Ili bwino, koma angathe kudikira." Pa ntchito yathu mawu amenewa ndi oopsa kuposa kunena kuti filimu ndi yoipa. Filimu yoipa kwambiri anthu amabwera kudzaona kuipa kwake. Filimu yoti ingadikire, amaidikiradi.

Mnyamata wa pulojekita ndiye anabwera ndi nzeru yomwe ndimainyadira mpaka lero. Iye anakulira ku Mchesi akuonera mafilimu m'timanyumba ta vidiyo, momwe mafilimu a ku China ndi ku India amaonetsedwa atawamasulira m'Chichewa. Anati, "Abwana, kwathu kuja munthu sasochera mufilimu, chifukwa womasulira amakuuza kuti uyu ndi mwana wa uje, akubwezera imfa ya bambo ake. Bwanji ndiziwafotokozera kaye?" Sitingakhudze filimu yeniyeniyo, mgwirizano umaletsa, koma palibe choletsa munthu kulankhula magetsi asanazimitsidwe. Kuyambira Lachinayi ankaima kutsogolo ndi maikolofoni kwa mphindi zisanu. Ankafotokoza kuti Monica ndi mwana wa mnzake wapamtima wa Carol, kuti ankamutcha azakhali ali mwana, ndipo ali ndi chidandaulo chifukwa azakhaliwo anapita osabweranso, amayi ake mpaka kumwalira. Ankafotokoza kuti Kamala ndi mtsikana wa sukulu wa ku Jersey City, wa banja lachisilamu lochokera ku Pakistan, yemwe chipinda chake chadzaza ndi zithunzi za Captain Marvel. Kusintha kwake kunali koonekeratu. Anthu ankaseka pamalo oyenera, ndipo pa chigawo chomwe Monica ndi Carol amakambirana zakale, holo inkakhala chete mwa mtundu wina, chete wa anthu amene akumva. Koma izi zinathandiza okhawo amene analowa kale. Zikanakhala kavidiyo ka pa WhatsApp masabata awiri m'mbuyo, m'Chichewa, ndi mawu a mnyamata yemweyu, ndikukhulupirira kuti Lachisanu lija likanaoneka mosiyana. Nzeru inalipo m'nyumba mwathu momwe, ine sindinaifunse nthawi yake.

Zomwe anthu ankanena, ndi zomwe ndinapeza

Pofika pakati pa sabata manambala akunja anali atadziwika. Ku America filimuyi inatsegula ndi madola pafupifupi 46 miliyoni, ochepa kuposa filimu ina iliyonse ya mndandanda wa Marvel. Sabata yachiwiri inagwa ndi 78 peresenti. Pomaliza inapeza madola pafupifupi 206 miliyoni padziko lonse, pamene kuipanga kokha kunadya opitirira 200 miliyoni. Munthu wosadziwa angaganize kuti ndiye kuti anabweza ndalama zawo, koma sizili choncho. Pafupifupi theka la ndalama za pakhomo limatsala kwa eni maholo, ndipo kutsatsa kuli ndi bajeti yakeyake yaikulu. N'chifukwa chake pa ntchitoyi timati filimu yotere imafunika ipeze kuwirikiza kawiri kapena kupitirira apo ndalama zoipangira kuti ingofika poyambira. Ku America kwacha sinagwe, petulo sanakwere usiku umodzi, koma mipando inali yopanda anthu chimodzimodzi. Pamenepa sindikanathanso kubisala.

Anzanga ena anati vuto ndi akuba mafilimu. N'zoona kuti pasanathe masiku ambiri, kope lojambulidwa ndi kamera m'holo ya kunja linali litafika m'ma burning centre a ku Old Town, anyamata akulowetsera anthu m'mafoni pa mtengo wosakwana botolo la zoziziritsa kukhosi. Koma Wakanda Forever inabedwanso chimodzimodzi, ndipo anthu anabwerabe, ena ataionera kale pa foni. Kuba kumatipweteka chaka chonse, sindikukuchepetsa. Koma fulashi imapambana pamene filimu yasiya kukhala chochitika choti munthu akaonekereko. Mwana wa sekondale uja sanasankhe fulashi chifukwa ndi yotchipa yokha, anaisankha chifukwa pachikwangwani panalibe chomukoka.

Ena, ndipo anali ambiri, anati filimu ya ngwazi zachikazi zokhazokha singagulitse. Ganizo ili ndimalikana, ndipo ndili ndi zifukwa. Brie Larson yemweyu ndi amene anadutsa biliyoni mu 2019. Chaka chomwechi cha 2023 filimu yomwe inapeza ndalama zambiri padziko lonse inali Barbie, madola opitirira 1.4 biliyoni. M'kope lathu lija, amene anaikonda kwambiri The Marvels anali atsikana ndi amayi achichepere. Mayi wina anabwera ndi ana ake aakazi awiri, wamkulu atavala hijabu, ndipo potuluka anagwira mkono mtsikana wa matikiti n'kunena kuti, "Asisi, bwanji simunatiuze kuti muli mwana wachisilamu? Tikanabwera ndi anzathu onse." Mawu amenewa amandiwawa mpaka pano. Mu Lilongwe muli mabanja ambiri achisilamu, muli masukulu a atsikana, muli magulu a amayi a pa WhatsApp omwe uthenga umodzi umafika kwa anthu mazana. Ine ndinatsatsa filimuyi kwa anyamata okonda nkhondo za ngwazi, ndi chikwangwani chomwe chinabwera kuchokera kunja, ngati mmene ndimachitira nthawi zonse. Anthu ake enieni a filimuyi analipo mumzinda muno, ndipo sanamve.

Za kutopa ndi mafilimu a ngwazi, zomwe zinkalembedwa kwambiri nthawi imeneyo, ndimazivomera mwa theka. Anthu sanatope ndi ngwazi. Anatopa ndi kuuzidwa kuti filimu iliyonse ndi yofunika kuiona pamene zambiri zinali zongodutsa. Pakati pa 2021 ndi 2023 Marvel inatulutsa mafilimu ndi masewero a pa Disney+ motsatizana kwambiri moti ngakhale ine, yemwe ndi ntchito yanga, ndinasiya kutsatira zonse. Bob Iger, yemwe panthawiyo anali mkulu wa Disney, eni ake a Marvel, anavomera poyera kuti kuchulukitsa zinthu kunatsitsa ubwino wake, ndipo mu 2024 Marvel Studios inatulutsa filimu imodzi yokha m'maholo. Endgame inatsekanso nkhani ya Iron Man ndi Captain America, anthu amene oonera anakula nawo kwa zaka khumi. Pambuyo pake panalibe ulusi umodzi woonekera bwino woti munthu azitsatira.

Sabata yachiwiri ndi ngongole

Chisankho chovuta chinali cha sabata yachiwiri. Mgwirizano unkati nthawi zonse za madzulo ndi za filimuyi. Ndinalembera kampani yogawa, ndinatumiza manambala athu a tsiku ndi tsiku osabisa kanthu, pamodzi ndi chikalata cholengeza kugwa kwa kwacha, n'kupempha zinthu ziwiri: atilole kuisunthira masana, komanso atsitse ndalama yolonjeza ija. Choyamba anavomera msanga, chifukwa manambala otere ankawalandira kuchokera kumayiko ambiri. Chachiwiri anakana, koma anatilola kulipira m'zigawo. Sindiwaimba mlandu. Ndinasaina ndekha, maso ali otsegula. Chomwe ndinganene kwa anzanga n'chakuti muziwauza zoona msanga. Ndikanadikira mpaka sabata yachiwiri itatha, sakanakhala ndi chotithandiza nacho.

Madzulo tinaikapo filimu ya makatuni ya banja lonse yomwe tinali nayo kale chilolezo chake, ndipo Loweruka masana tinaitana masukulu awiri a atsikana kudzaonera The Marvels pa mtengo wa gulu, mnyamata wathu akufotokoza kaye monga mwa nthawi zonse. Tsiku limenelo ndi lokhalo lomwe holo inayandikira kudzaza pa filimuyi. Atsikanawo anakuwa Kamala atangoonekera, ndipo chigawo cha amphaka chinawagwetsa ndi phwete. Ndinaima kumbuyo pamalo pomwe ndinaima Lachisanu loyamba lija. Filimu inali yomweyo, holo yomweyo, kwacha yomweyo. Makatuni a madzulo nawonso anabweretsa anthu ochuluka kuposa omwe The Marvels inkabweretsa pa nthawi imeneyo, m'sabata yomwe mitengo ya zinthu inali itakwera kale.

Apa m'pamene kwacha inaonetsa mbali yake yeniyeni pa nkhaniyi. Sindiyo inachotsa anthu ambiri pa mipando, koma ndiyo inasandutsa sabata yoipa kukhala ngongole. Dola iliyonse yomwe ndinalonjeza mu Seputembala tsopano inkafuna makwacha ochuluka ndi 44 peresenti, ndipo madolawo ku banki sankapezeka msanga, umalemba fomu n'kudikira. Matikiti tinagulitsa m'makwacha a mtengo wakale, ngongole tinalipira m'madola a mtengo watsopano. Tinamaliza kulipira mu Januwale, ndi ndalama za mafilimu a Khirisimasi zomwe tinkafuna kukonzera mipando yothyoka ndi makina oziziritsira mpweya. Mayi wina yemwe ankatithandiza kukazinga mbuliuli kumapeto kwa sabata tinamuimitsa kwa miyezi iwiri, nthawi ya fizi ndi feteleza. Ndinamuuza ndekha, ndipo anangoti, "Ndamva, abwana, mukadzafuna mudzandiitane." Pa zonse zomwe zinatayika, chimenechi ndi chomwe chimandilemera, chifukwa iye sanasankhe nawo filimu.

Abwana sanandichotse ntchito, koma tinasintha kachitidwe. Sindivomeranso masabata awiri a madzulo onse pa filimu imodzi popanda ndime yotilola kusintha nthawi ngati masiku atatu oyamba ayenda moipa. Ndalama yolonjeza ikakhala m'madola, timasunga gawo lake m'madola tsiku losaina, kapena timakambirana kuti itsike ife tipereke gawo lalikulu pa tikiti. Chikwangwani chimakwera masabata atatu filimu isanafike, ndipo mtsikana wa matikiti amalemba funso lililonse lomwe anthu afunsa ataima pamenepo. Mafunso akakhala oti "iyamba liti" ndi "matikiti ndi zingati", ndimadziwa kuti tili bwino. Akakhala oti "ameneyu ndi ndani", mnyamata wa pulojekita amajambula kavidiyo kake ka m'Chichewa sabata yomweyo.

Mu Julaye 2024 kunabwera Deadpool & Wolverine. Ndinaopa, ndipo ndinapempha sabata imodzi yokha, yoti tingaonjezere. Ndi filimu ya akuluakulu okhaokha, choncho ana a sukulu ndi mabanja tinawataya tisanayambe. Koma kope la pakhomo linalibe funso loti ameneyu ndi ndani. Hugh Jackman wakhala Wolverine kuyambira 2000, ndipo ngakhale m'timanyumba ta vidiyo ta ku Chinsapo amamudziwa munthu wa zikhadabo zachitsulo. Foni ya pakauntala inayambanso kulira. Padziko lonse filimuyo inadutsa madola 1.3 biliyoni, ndipo ife tinaonjezera sabata yachiwiri ndi yachitatu. Mayi wa mbuliuli anali atabwerera kale pa ntchito, ndipo Loweruka loyamba chimanga chinamuthera filimu ya madzulo isanayambe, mpaka tinatuma kabaza kukagula china kumsika.